Tsiku Lomwe Mwana Wanga Anawerenga Mapu

Linali Lachiwiri la sabata yomaliza ya Okutobala, nthawi ili hafu pasiti seveni m'mawa, pamene galimoto yoyera inaima pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mzikiti wathu. Nthawiyo ndikuidziwa chifukwa bambo amene anatsika m'galimotomo anayang'ana wotchi yawo n'kuitchula mokweza, ngati kuti wina wa ife anali atawabera theka la tsiku. Ine ndinali pa mjigo ndi ndowa ziwiri, mwana wanga wamkazi wa miyezi isanu ndi itatu ali kumsana. Mjigowo unali utayamba khalidwe lake la chaka ndi chaka. Ukapopa kakhumi unkakhosomola kamodzi, n'kulavula timadzi tosadzaza ngakhale kapu.

Mudzi wathu uli m'tsinde mwa phiri, ku Machinga, ukachoka pa Liwonde kulowera ku Zomba. Phirilo ndi nkhalango ya boma. Bambo a wotchi aja anali a zamadzi, ochokera ku Balaka, ndipo nkhani yawo inali yaifupi. Anali ndi mapaipi okwanira mudzi umodzi wokha, wathu kapena wa kutsidya kwa mtsinje. A kutsidya anali atawaonetsa kale kasupe wawo. Ife tinkayenera kuwaonetsa wathu tsiku lomwelo, amuone ndi maso awo m'mwezi wa dzuwa, amuyeze ndi ndowa. Galimoto inkabwerera folo koloko. Ikapita osaona madzi, mapaipi apita kutsidya.

Anatulutsa mapu n'kuwayala pa boneti. Anali mapu akale, a nthawi ya atsamunda, pepala lomatidwa pa nsalu, lodyedwa ndi njenjete m'mapindiro. Anthu anaunjikana. Atsibweni anga, amene anali wapampando wa komiti ya madzi, anavala magalasi n'kufunsa pamene pali mudzi wathu. A zamadzi analoza pamalo poyera, popanda kalikonse. Atsibweni anakhumudwa kwambiri. Anafunsa ngati zaka zonsezi ife takhala tikubadwa, kukwatira ndi kuikana m'manda pa pepala loyera.

Ine ndinasuzumira pansi pa mkono wa mayi wina. Sukulu ndinalekezera sitandade folo, mapu otere ndinali ndisanawaonepo. Phiri lonse linali mizere yofiirira yozungulirazungulira, ngati chidindo cha chala chachikulu. Ndinaganiza kuti ndi njira, ndipo ndinawamvera chisoni anthu akale amene ankayenda mozungulira chonchi kuti akafike pamwamba. Mwamwayi sindinanene. A zamadzi anafotokozera atsibweni kuti mzere uliwonse ukunena kukwera kwa malo. Pamene mizere yathinana ndiye potsetsereka kwambiri, pamene yatalikirana ndiye poyenda bwino. Ndinamva msanga. Ikapanikizana ngati anthu m'minibasi ya pa Liwonde, konzekera wefuwefu. Ikakhala motalikirana ngati mkamwini ndi apongozi ake, yenda ukuimba. Pakati pa mizereyo panali timadontho ta njira ya miyendo, ndipo kumapeto kwa timadonthoto panali kachizindikiro kobiriwira ngati thambo. Ameneyo ndiye anali kasupe.

Nditaona pamene panali kachizindikiroko, ndinadziwa kuti kasupe ameneyo kulibe. Anakwiririka ndi miyala pamene Napolo anadutsa, amayi anga ali kamtsikana. Madziwo anakatulukira kwina, kuseri kwa thanthwe, pakati pa nsungwi. Malowo ndinkawadziwa bwino ngati kuseri kwa nyumba yathu. Koma panali zinthu ziwiri zonditseka pakamwa.

Choyamba chinali bowa. Kumunsi pang'ono kwa kasupe watsopanoyo kuli nkhalango ya misuku kumene mu Januwale kumamera ndelema ndi manyame ochuluka, oti dengu limadzaza usanawerame kakhumi. Bowa ameneyo ndiye amatidutsitsa miyezi ya njala, tikamagulitsa m'mbali mwa msewu kwa a magalimoto a ku Zomba. Malowo agogo anaonetsa amayi, amayi anandionetsa ine nditatha msinkhu. Lamulo lake kwathu ndi limodzi. Malo a bowa umauza mwana wako wamkazi yekha. Mwamuna sumuuza, chifukwa mwamuna ndi mlendo, tsiku lina amanyamula chikwama. Mlongo wako sumuuza, chifukwa akauza mkazi wake. Ndinalonjeza nditagwira dzanja la amayi.

Chachiwiri chinali chitaima pafupi ndi galimoto, chitavala majombo. Anali mlonda wa nkhalango, bambo aatali, a imvi, osalankhula kawirikawiri. Chaka cha dzana anandipeza mkati mwa malire ndili ndi nkhwangwa ya amayi. Ndinalira, ndinalumbira kuti limenelo linali tsiku langa loyamba kulowa m'nkhalangomo ndipo ndinali nditasochera. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundiuza kuti ndizipita, koma nkhwangwa inatsala. Kuyambira pamenepo ndikawaona pa msika ndinkalowa kuseri kwa matumba a makala.

Ndiye atsibweni anatembenuka kufuna munthu wonyamula ndowa yoyezera ndi chigubu cha thobwa, maso awo n'kugwera pa ine. Bambo a mwana anali atapita m'bandakucha ku Liwonde ndi njinga yawo ya kabaza, kunalibe wondiwiringulira. Ndipo ine kukana sindidziwa. Kusukulu aphunzitsi anatha teremu yonse akuganiza kuti ndine wosalankhula.

Ndinathamangira kunyumba kukatenga thobwa. Amayi anali pakhonde akupeta mphale. Anali atamva kale zonse. Sanadzutse mutu.

"Ndowa unyamule," anatero. "Pakamwa usiye konkuno."

Ndinavomera. Koma potuluka ndinawaona asiya kupeta, akuyang'ana mtsuko wathu wa madzi umene unali chigonere cham'mbali, wouma mpaka pansi.

Tinanyamuka anthu anayi, wachisanu ali kumsana. Patsogolo panali a zamadzi ndi mapu awo, atavala nsapato zonyezimira zoyenera ukwati. Kenako atsibweni ndi ndodo, kenako mlonda, ine kumapeto kwenikweni, patali poti mthunzi wanga usakhudze wa mlonda. Titadutsa chipilala cha malire ndinayesetsa kuyenda ngati mlendo. Ndinkayang'ana mitengo modabwa. Pa muzu wina umene ndimaudumpha ngakhale nditatsinzina, ndinadzipunthwitsa dala. Mlonda anacheuka, n'kunena kuti ndisamale poti malo achilendo amavuta.

Mapu aja sanali opusa, ndiwanenere chilungamo. Pamene ankati pali chigwa panalidi chigwa. Pamene mizere inathinana, a zamadzi anasiya kulankhula n'kuyamba kupuma ngati mbuzi yokokedwa. Njira ya timadontho yokha ndiyo inali itapita ndi eni ake. Pena inkapezeka, pena inkalowa m'tchire la minga n'kusowa. Zikatero a zamadzi ankatembenuza mapu kumutu kukhala kumiyendo, atsibweni n'kumawathandiza ndi maganizo, ngakhale magalasi anali atawaiwala pa boneti.

Dzuwa lili paliwombo tinafika pa kachizindikiro kaja. Panali chigwembe chodzaza miyala ikuluikulu, youma gwa, abuluzi akuothera dzuwa pamwamba. A zamadzi anayang'ana mapu, anayang'ana miyala, anayang'ananso mapu. Anati anthu amene anajambula zimenezi ankayeza ndi makina, sakanalakwitsa. Mlonda anayankha kuti sanalakwitsedi, kungoti phiri linasamuka iwo atapita kwawo. Anati iwo anabwera kudera lino Napolo atadutsa kale, ndipo anangomva kuti kasupe anafa.

Anafunafuna kumtunda ndi kumunsi. Atsibweni anakumba ndi ndodo pansi pa mwala wina mpaka anatulutsa chinkhanira. Thobwa linatha. Nthawi ya swala ya masana itakwana, atsibweni anasowa madzi otawazira, ndiye anagunditsa manja pa fumbi n'kudzipaka, monga zimaloledwa pamene madzi palibe. Ine ndinayang'ana kumbali. Munthu wamkulu kutawaza ndi fumbi, madzi ozizira ali pamtunda woti mwana akhoza kupita osapumira.

Thu koloko itakwana a zamadzi anayang'ana wotchi. Ananena mofatsa kuti akupepesa, akalemba kuti kasupe anauma. Anayamba kupinda mapu. Phokoso la pepala lija ndimalimvabe. Ndinaganiza za mjigo wokhosomola uja, za ulendo wa kumtsinje m'mawa uliwonse, za msana wa amayi. Ndinatsegula pakamwa, koma munangolowa mphepo. Amuna atatu akuluakulu, mmodzi wa m'tauni, wina wosunga nkhwangwa yanga. Ndikanayambira pati?

Amene anandipulumutsa ndi mwana. Anadzuka n'kuyamba kulira. Ndinakhala pa mwala nditawafulatira, ndinamutembenuzira kutsogolo n'kumupatsa bere. Ndikumuyang'ana chonchi, ndinakumbukira mawu a lonjezo lija. Amayi anati malowo ndidzauze mwana wanga wamkazi yekha. Za msinkhu wake sananenepo kanthu.

Ndinayamba ndi mawu aja timalankhulira makanda, kungoti ndinakweza pang'ono.

"Tonthola, mayi wanga, ndikuuze za kwanu. Iwe ukadzakula usadzataye nthawi ndi miyala iyi. Udzayang'ane mkuyu uwo uli kumanzere, wopindika ngati nkhalamba. Ukadzafika pamenepo udzaona kanjira ka anyani. Wamva, mayi?"

Kumbuyo kwanga pepala linasiya kulira. Kenako atsibweni anakhosomola, ndipo ndinamva mapu akufunyululidwanso. A zamadzi ananena kuti akayang'anitsitsa, mizere ya kumanzereku yapindika mokhala ngati kuli kachigwa kena, ndipo munthu wodziwa ntchito yake sangabwerere asanakaoneko. Atsibweni anati nawonso amaganiza zomwezo kuyambira m'mawa. Palibe amene anandiyang'ana, ndipo mpaka lero ndimawathokoza.

Kuchokera pamenepo ulendo unayenda motere. Tikafika pamphambano, amuna ankaima n'kuzungulira mapu, nkhope zili zolimba. Akakhala kanthawi, atsibweni ankafunsa m'mwamba, osayang'ana munthu, ngati mwanayo ali bwino. Ine n'kumuuza mwana kuti akadzakula adzakhotere kumanja pa mlombwa wopserera. A zamadzi n'kugogoda mapu ndi chala, amvekere zoonadi, kumanja. Pofika pamphambano yachitatu mwanayo anali atagona tulo tofa nato, kukamwa kuli yasa, koma maphunziro ake anapitirira.

Vuto linabwera pa thanthwe loyamba. Kuchokera pamenepo njira zilipo ziwiri. Yachidule ndi yosalala, imadutsa pakati penipeni pa misuku yathu. Inayo imakwera molunjika m'miyala n'kutsikira ku nsungwi chakumbuyo. Ndinamuuza mwana kuti adzakwere. Koma a zamadzi tsopano anali atayamba kuwakhulupiriradi mapu awo. Anaonetsa atsibweni kuti kumunsiku mizere yatalikirana bwino, pamene kumtundaku yathinana ngati mano a chipeso, ndipo malo onse awiri akukathera kumodzi. Anafunsa chifukwa chake munthu angasankhe kuvutika.

Ndinamugwedeza mwana wogonayo.

"Kumunsiko usadzapiteko, mayi wanga. Kuli mavu. Akuluakulu. Amakonda anthu onunkhira sopo wa m'tauni."

Apa ndi pamene mlonda analankhula. Anati mavu amenewo anawamvapo mbiri yake. Anati ndi mavu odabwitsa, amalusa kwambiri mu Januwale, mvula ikagwa masiku atatu otsatizana, ndipo amaluma aliyense kupatula akazi a banja limodzi. Ananena zimenezi nkhope ili phee, akuyang'ana nsonga za mitengo. Ine ndinafuna nthaka ing'ambike.

Tinakwera. Ndinali nditaiwala kuti mwezi umenewo chitedze chimakhala chitakhwima. Ife a kuno timachiona patali n'kupendeka, koma a zamadzi anachigwira ndi dzanja lonse pofuna pogwirira, kenako n'kupukuta thukuta m'khosi. Zimene zinatsatira sindingazilembe zonse. Anavina. Mapu anawapatsira atsibweni kuti manja onse awiri apeze ntchito. Ankadzikanda akukwera, akufunsa ngati mavu aja sakanakhala bwino. Atsibweni anawatonthoza kuti chitedze ndi moni wa phiri, chimapatsidwa kwa alendo olemekezeka okha.

Kenako mphepo inasintha. Inayamba kununkha dothi lonyowa. Tinatsika pang'ono, tinalowa m'nsungwi mowerama, ndipo achule anatilandira. Madzi ankatuluka pansi pa thanthwe, oyera, okula ngati mkono wanga, n'kuyenda pang'ono pa mchenga asanalowenso pansi. Atsibweni anati Alhamdulillah katatu, anagwada n'kutawaza bwinobwino, mpaka kuseri kwa makutu. A zamadzi anaviika khosi ndi manja omwe, osasamala za malaya.

Atapeza bwino anayamba ntchito. Anadula nsungwi n'kuiika ngati mpopi, ine ndinatchera ndowa, iwo maso pa wotchi. Tinadzaza katatu. Ulendo uliwonse ankalemba m'kabuku, ndipo ulendo wachitatu anamwetulira. Anati madzi amenewa, m'mwezi wouma chonchi, akwanira mudzi wathu ndi kutsalako. Anafunsa za podutsa mapaipi, mlonda n'kuwalangiza kuti atsate chigwembe cha miyala chija mpaka kumudzi, kuopa kuti anyamata okumba angalumidwe ndi mavu.

A zamadzi anayala mapu pa thanthwe, anatulutsa pensulo, n'kulemba kamtanda pakati pa mizere iwiri yofiirira. Ndinayandikira pang'ono. Ndinaona thanthwe lathu, kachigwa kathu, ngakhale malo a misuku, mizere itatalikirana bwino, popanda chizindikiro chilichonse. Ndinadabwa kuti munthu wina wakutali anafikapo kuno kalekale, anayeza zonsezi, koma bowa sanamuone. Mwina anabwera mu Okutobala.

Anafunsa dzina la kasupeyo. Analibe dzina. Atsibweni anayamba kunena kuti mwina dzina la wapampando lingakhale loyenera, koma pensulo inali italemba kale. Ndinawerenga pang'onopang'ono ndi sitandade folo yanga: Kasupe wa Khanda. Atsibweni anavomera, koma anati pensuloyo isabwerere m'thumba isanaike mudzi wathu pa malo oyera paja. A zamadzi anaika kadontho. Atsibweni anati n'kakang'ono. Anakakulitsa.

Tinatsika mothamanga, ndipo tinafika pa chipilala cha malire nthawi ili hafu pasiti fili. Enawo anatsogola. Mlonda anaima kuti amange bwino jombo, jombo yopanda zingwe. Nditafika pafupi anawerama n'kuyang'ana mwana, amene anali atadzuka akuyamwa chala.

"Iwe katswiri wa mapu," anatero, "ukawauze amayi ako kuti kwathu kuli nkhwangwa ya munthu wina amene anasochera tsiku lake loyamba m'nkhalango. Ikungondidyera malo. Mwini wake adzaitenge yekha, ndi pakamwa pake."

Mwana anawagwira mphuno. Ine ndinayang'ana zala za kumapazi.

Kumudzi nthungululu zinayamba galimoto isanatembenuke. Atsibweni anaima pa chitsa n'kufotokoza mmene iwo ndi a zamadzi anawerengera mapu movutikira mpaka kupeza madzi. Ine ndinazemba ndi ndowa yanga.

Amayi anali pakhonde pomwe paja. Sanandiyang'ane. Anandimasula mwana kumsana, anamukhazika pa miyendo, n'kumufunsa ngati ndi zoona zimene akumva, kuti iye wayamba kulankhula ndi amuna a m'tauni asanamere mano. Ndinayankha m'malo mwa mwana kuti iye sanalankhule ndi aliyense, amangomvera amayi ake akumuphunzitsa za kwawo monga mwa lamulo. Amayi anamufunsanso ngati alendowo anaona misuku. Ndinati iyayi, anadzera ku chitedze.

Mapewa a amayi anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka anapukuta maso ndi nsonga ya mpango, mwana naye n'kumaseka osadziwa kanthu. Atatha anamuuza mwanayo kuti ali ndi pakamwa ngati pa atsibweni, koma poti madzi abwera amukhululukira. Nditanena za uthenga wa mlonda anasiya kuseka. Anati mpini wa nkhwangwa imeneyo anasema ndi malemu bambo awo, ndipo akuifuna.

M'mawa mwake, nditaswali, ndinatenga nsalu kuti ndibereke mwana. Amayi anandilanda nsaluyo. Anati mwanayo watopa, dzulo wagwira ntchito ya boma tsiku lonse, lero apume. Ndinapita ndekha, msana uli wopepuka ngati ndaiwala chovala. Kunyumba kwa mlonda ndinazungulira mpanda kawiri. Kachitatu ndinaima pa chipata n'kuodira, mawu n'kutuluka aang'ono ngati a mwanapiye. Anatuluka ali ndi kapu ya tiyi, anayang'ana kumsana kwanga, n'kudikira.

Ndinagwada, n'kunena kuti ndabwera kudzatenga nkhwangwa ya amayi, ndipo tsiku lija silinali loyamba.

Anati ankadziwa, chifukwa munthu wosochera sathawira njira yachidule. Analowa m'nyumba n'kuitulutsa. Inali yonoledwa, mpini utapakidwa mafuta. Ndinailandira ndi manja awiri. Pobwerera ndinayamba ndaibisa m'chitenje, koma nditafika pa mjigo, pamene amayi anzanga anali pamzere ndi ndowa zawo, ndinaitulutsa n'kuiika paphewa.